Zikomo Wathu Angawafike Bwanji Amene Anatisiya?



Sabata yatha, tikuwerenga gawo la moyo ndi imfa m'Buku Loyamba la Ruhi, mayi wina wa m'gulu lathu anatiimitsa ndi funso. Anati: "Pa njala ya 2002 azakhali anga a ku Golomoti ankatiphikira phala la gaga, iwo n'kumati adya kale. Ine ndinali mwana, ndinkangodya. Pamene ndinazindikira kuti ankagona ndi njala chifukwa cha ife, n'kuti ali kale kumanda. Ndiwathokoza bwanji?"

Tonse tinangoti zii, poti aliyense wa ife ali nayo ngongole yotereyi. Ena tinabadwira pachipatala cha Mua, m'manja mwa anamwino amene ngakhale maina awo sitiwadziwa. Mango amene ana athu amatola ku Mtakataka, ambiri amene anabzala mitengo yake anapita kale.

Makolo athu sankaona imfa ngati mapeto a chibale. N'chifukwa chake mpaka lero timamanga ziliza ndi kukumana pachikumbutso. Komabe tinene zoona, nthawi zina chiliza timamangira maso a amoyo, kuti apamudzi aone kuti tinayesetsa. Simenti ilibe mlandu ayi, kungoti azakhali aja sali m'simentimo.

Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti mzimu suferana ndi thupi, ndipo kuti dziko limene umapitako n'losiyana ndi lino monga momwe lino limasiyanirana ndi m'mimba mwa mayi. 'Abdu'l-Bahá anafotokozanso mfundo imene ikuyankha funso la mayi uja: mzimu umapitirirabe kuyandikira kwa Mulungu, ndipo mapemphero a otsala, pamodzi ndi ntchito zachifundo zochitidwa m'dzina la womwalirayo, zimauthandiza paulendo umenewo. Anatchula makamaka ana, kuti pobweza mavuto amene makolo anawavutikira, aziwapemphera chikhululukiro ndi kuthandiza osauka m'dzina lawo. Choncho sitinachedwe. Zikomo wathu ali nayo njira yodzera, ndipo akafika amakhala thandizo lenileni kwa iwo.

Taganizirani miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka. Pali nyumba pafupi nafe pamene moto suyaka madzulo. Tikatapa mbale ya ufa, kapena kampunga kathu ka ku Bwanje, n'kukasiya pakhomopo mwakachetechete, mumtima tikuti "Mulungu, izi mulandire m'dzina la azakhali anga," ndiye kuti tawathokoza ndi chinthu chimene iwo eni ake ankachidziwa bwino. Amene anatiphunzitsa kuwerenga, tingawathokoze pokhala pansi ndi mwana amene zilembo zikumuvuta.

Pa msonkhano wa mapemphero wa sabata ikubwerayi, aliyense abwere ndi dzina limodzi, ndi chinthu chimodzi chimene akufuna kuchita m'dzina limenelo mwezi uno usanathe. Amene dzina salidziwa angonena kuti "anamwino amene anandilandira". Mayi uja wavomera kuyamba ndiye, ndi dzina la azakhali ake.