Kodi Nkoyenera Kulipira Munthu Kuti Acinjirize Thengo Lace?

Mwezi wa October ukafika, munthu woyenda usiku pa mseu wa ku Chipata aona mapiri a ku Rufunsa alikuyaka, ndipo kukaca papezeka lupsa lokhalokha. Kawirikawiri motowo auyatsa anyamata osaka mbewa, kapena mlimi wotentha mapesi m'munda mwace. Boma lafuna kuthandiza midzi pa bvuto limeneli. Lamulo la nkhalango la 2015 lilola anthu a m'mudzi kupanga bungwe ndi kulandira nkhalango m'manja mwao, ndipo mu 2017 World Bank ndi anzace anabvomera kupereka madola oposa 32 miliyoni a nchito za nkhalango ndi ulimi m'Cigawo ca Kum'mawa. Tsono funso ndi ili: kodi nkoyenera kulipira munthu kuti acinjirize thengo lace lomwe?

Ambiri a ife okhala m'Chaisa tiyankha kuti iai. Titi makolo athu analambula kuzungulira mudzi ndi nkhokwe popanda malipiro, mfumu ikangolamula. Koma ndalama ikalowapo, munthu aleka kucita cabwino cifukwa ca ubwino wace, nayamba kudikira kalaliki wa Boma. Mau amenewa ali ndi nzeru ndithu, pakuti nchito yogwira cifukwa ca thumba imaima tsiku limene thumbalo latha.

Komatu ndiyesa kuti tiiwala kanthu. Thengolo si la a kumudzi okha. Makala a pa mbaula zathu acokera ku Chongwe, ku Rufunsa ndi ku Mumbwa. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi nasowa, ngakhale onyadira sitovu anabwerera ku makala. Bowa, masuku ndi uci za pa msika zicokera komweko. Ife tidya za m'thengo, koma khasu lolambulira sitiligwira, ndipo nkhokwe ikapsa amene agona ndi njala si ife. Cifukwa cace msonkho wathu ukapita ku nchitoyi, ine sindiuyesa mphatso. Ndi ngongole imene tacedwa kubweza.

Palinso cina. M'zaka za m'ma 1930 akulu a nkhalango anapatula malo ku Ndola, ena natenthedwa caka ndi caka cilimwe cikangoyamba, ena kumapeto kwace. C. G. Trapnell analemba zotsatira zace mu 1959: moto wa msanga, udzu usanaumitse, sunaononge nkhalango, koma moto wocedwa unapha mitengo ya miombo. Ndiye kuti nchito yolambula ndi kutentha mosamala igwa m'miyezi ya May ndi June, nthawi yomweyo imene mlimi alikukolola cimanga cace. Kumuuza kuti asiye munda natumikire thengo limene tonse tidyamo, osampatsa kanthu, kodi cimeneci ndi cilungamo?

Cimene ndiopa ine ndi kumene ndalamazo zimathera. Mu 2017 Boma linagula magalimoto 42 ozimira moto pa madola 42 miliyoni, ndipo anthu anadandaula kwambiri za mtengowo. Galimoto yotere iri ndi nchito msika ukapsa, monga unapsera City Market m'July caka comweco. Koma kumapiri a ku Rufunsa kulibe mseu wofika kumene moto uli, ndipo kufunika makasu, zikwakwa ndi malipiro ofika m'manja mwa olambula udzu ukali wauwisi.