Kumvera kapena kuthawa?

Tsiku limene adokotala anatiuza kuti amai ali ndi khansa ya khomo la ciberekero, m'cola mwanga munali buku la akaunti. Ndinali m'caka caciwiri ku koleji. Tikutuluka pa geti la cipatala, amai sanalire. Anangoyang'ana dzuwa nati, "Iwe, kalasi yako ya 14 awazi ija suifika?"

Ndinapita. Kucokera tsiku limenelo pali funso limene silinandisiye: mmene ndinali kukwera minibasi ija, kodi ndinali kumvera amai, kapena kuwathawa?

Amene sanadwazikepo khansa amaganiza kuti ndi nkhani ya tsiku limodzi lalikulu, monga opaleshoni. Ai, ndi nchito ya tsiku ndi tsiku. Ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, amai anali kulandira radiation, imene ambiri amangoti kuwocha, kuyambira pa Mande mpaka pa Cisanu kwa milungu isanu, ndiponso dripu ya chemo kamodzi pa mlungu. Pa makina munthu amakhalapo mphindi zowerengeka cabe. Cimene cimadya tsiku ndi zina zonse: kudzuka kusanace, minibasi ziwiri kucokera ku Chawama, kubwerera dzuwa litakwera, kusanza, kutsegula m'mimba, phala limene waphika katatu koma silikhala m'mimba. Pa mabenchi paja tinali kukhala ndi anthu ocokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama, ndipo ambiri mwa owadwazika anali atsikana a msinkhu wanga. Sindinafunse kuti anasiya ciani kwao. Ndinali kuopa yankho.

Anzathu Acibemba ali ndi mwambi umene aliyense mu Lusaka amaudziwa, wakuti mayo mpapa, naine nkakupapa. Amai ndiberekeni kumsana, nanenso ndidzakuberekani. Ife ana a m'komboni tinakula nalo pangano limeneli, ndipo sukulu ndiyo njira yolikwaniritsira. Phunzira, upeze nchito, udzamangire amako nyumba. Koma taonani kuti pangano lonselo lili pa "ndidza". Limayembekeza kuti mawa alipo. Khansa ikalowa m'nyumba imabweretsa ngongole ija lero, iwe ulibe digiri, ulibe malipiro, uli ndi manja awiri ndi maola amene unalonjeza kale mabuku.

Azakhali anga sanaone covuta. "Mapepala adzakudikira," anatero, "koma amako ndi amodzi." Sindinganene kuti analakwitsa. Cimene cinandiwawa ndi cakuti acimwene anga, amene amagwira nchito ku Solwezi, palibe anawauza kuti asiye. Iwo akatumiza ndalama pa foni, banja lonse linali kuwatamanda. Ndalamazo zinatithandizadi, sindikana, koma foni sicapa citenje.

Amai anakana zoti ndisiye. Anati anakhala zaka zambiri akudzuka usiku kukapikula tomato ku Soweto Market kuti ndifike pamene ndinali, ndiye sangalole kuti matenda awadye iwo, adyenso tomato yense uja. Poyamba ndinaona ngati ndi kuuma mutu. Pambuyo pake ndinazindikira kanthu kena. Khansa inali itawalanda zambiri: malo ao pa msika, mphamvu zonyamula ndowa, ngakhale ulemu wa thupi lao, limene tsopano linali kuonedwa ndi alendo tsiku lililonse. Cimene cinawatsalira ndi mphamvu youza mwana wao kuti pita ku sukulu, mwanayo n'kupita. Ndikanakana, ndikanawasandutsa wodwala cabe. Pomvera, ndinawasiya akhalebe amai anga.

Maganizo amenewa ndi okoma, ndipo ndiye cifukwa cake ndimawakayikira. Zoona zake n'zakuti masiku ena ndinali kupita ku laibulale ndi mtima wopepuka. Kumeneko kunalibe fungo la mankhwala, kunalibe beseni. Ndinali kukhala mpaka mdima, osati cifukwa cakuti mabuku anali ambiri, koma cifukwa cakuti kunyumba kunali kuopsa. Wina akafunsa, yankho linalipo lokonzeka: amai ndiwo anandituma. Mau a kholo angathe kukhala malo abwino kwambiri obisalamo.

Komanso wodwala amene amakukonda amanama. "Ndili bwino, pita." Tsiku lina ndinabwerera kukatenga caja ya foni imene ndinaiwala, ndipo ndinawapeza atakhala pansi pa khomo la cimbudzi, alibe mphamvu zoimirira. Mphindi khumi zapitazo anali atandimwetulira. Ndinaona kuti tonse awiri tinali kunamizana mwacikondi, ndipo ine ndiye ndinali kupindula ndi bodzalo.

Sindinapeze yankho loyera, koma ndinasintha zinthu zingapo. Ndinaleka kufunsa amai ngati ndipite, popeza yankho lao ndinali kulidziwa kale. Ndinayamba kuyang'ana thupi lao: adya? Aimirira okha? Tsiku la chemo ndi lotsatira lake linakhala lao, kaya kuli kalasi kaya kulibe. Ndinauza aphunzitsi anga zoona, cinthu cimene manyazi anandiletsa kwa mwezi wathunthu. Ndinapempha amai a kuchalichi kuti azisinthana nane, ndipo acimwene ndinawauza kuti atenge chuti abwere, ndalama zokha sizikwanira. Anabwera masiku asanu ndi limodzi.

Mayeso anga otsiriza anagwera tsiku limene amai anali ndi cithandizo cowawa kuposa zonse, cimene amaika zida za radiation mkati mwa thupi. Usiku wake sindinagone. M'mawa ndinawakweza taksi pamodzi ndi amai a kuchalichi awiri, ine n'kupita kukalemba. Funso lacitatu ndinaliwerenga kanai osamva kanthu.

Madzulo ndinawapeza atagona cammbali, milomo itauma. Ndinagwada kuti ndiwapepese. Asanatsegule n'komwe maso anafunsa, "Walemba zonse?"

"Ndasiya limodzi, amai."

"Limodzi cabe?" Anakhala cete pang'ono. "Ndipatse madzi."

Pepala la zotsatira zanga amalisunga m'pulasitiki imodzi ndi khadi lao la kucipatala. Tikapita kukaonedwa, potulutsa khadi limatuluka nalo, ndipo anesi ena analiwerenga kale kawiri.