Chakhumi cha Mkhalapakati

Pamsika wa Lizulu, pakati pa mlimi wa mbatatesi ndi mwini lole pamaima munthu wina. Mlimi wafika ndi matumba ake kuchokera kutsidya ku Angonia kapena kumidzi ya kuno kwa Gomani, koma sadziwa kuti thumba lagona pa mtengo wanji ku Lilongwe kapena ku Limbe. Mwini lole naye alibe nthawi yoyenda dimba ndi dimba. Ndiye pamatulukira mnyamata wa mafoni awiri, alankhula uku, alankhula uko, malonda atheka, iye n'kudyapo yake. Sadalime, sadathirire, sadagule feteleza. Ife akulu ampingo timam'nena munthu wotere, komabe tomato wathu akayamba kufewa padzuwa timakhala oyamba kumuitana.

Mwana wa mlongo wanga, yemwe adaphunzira za makompyuta, watsegula kakampani ku Lilongwe. Sapanga kanthu kogwirika. Ntchito yake ndi kugwira dzanja makampani akunja ogulitsa makina ndi mapulogalamu n'kuwafikitsa pakhomo la boma. Adandifunsa moseka kuti, "Amalume, chakhumi chochokera pa ndalama zoterezi mudzachilandira ndi mtima umodzi?" Ine sindidaseke.

Choyamba ndivomere kuti thukuta lilipo. Kugulitsa kanthu ku boma si kuyala sefa m'mbali mwa msewu wa M1. Uyenera kulembetsa ku PPDA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, ukhale ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti msonkho ulibe nawo mlandu, upeze chikole cha kubanki, udzaze mapepala a tenda osaphonya tsiku. Ukapambana, udikire malipiro miyezi, mwina chaka. Amene adalemba mtengo wake m'makwacha koma katundu n'kukagula ndi madola adaona zakuda mu Novembala 2023, pomwe mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Kampani ya ku India kapena ku Germany siifuna mutu woterewu, ndipo wousenza m'malo mwake sakuba akalandira kangachepe. Ku America ntchitoyi idakula mpaka kukhala ndi makampani akeake. Carahsoft, yomwe idayamba mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Reston m'chigawo cha Virginia, imadya pomwepa, pakati pa opanga mapulogalamu ndi nthambi za boma. Koma mu 2015 kampaniyi pamodzi ndi VMware zidavomera kulipira madola 75.5 miliyoni kuti zithetse mlandu woti zidabisira boma mitengo yotsika yomwe makasitomala ena ankapatsidwa.

Baibulo silidana naye munthu woima pakati pa boma ndi anthu. Zakeyu wa ku Yeriko adali mkulu wa okhometsa msonkho, ndiye kuti wodya pakati pa Aroma ndi Ayuda anzake. Yesu adakadya kunyumba kwake, ndipo Luka satiuza kuti adamulamula kusiya ntchito. Chomwe tikumva n'chakuti Zakeyu adalonjeza kubweza kanayi chilichonse chomwe adalanda monyenga. Yohane Mbatizi naye, okhometsa msonkho atabwera kudzabatizidwa, adangowaletsa kutenga zoposa zomwe adawaikira. Koma m'buku la Mafumu muli Gehazi, mnyamata wa Elisa. Mneneri adachiritsa Namani khate n'kukana mphatso, Gehazi n'kuthamangira galeta kukapempha siliva ndi zovala m'dzina la mbuye wake. Adagulitsa chinthu chomwe chidaperekedwa chaulere. Madobadoba omwe amazungulira pamaofesi a ziphaso ndi malayisensi ndi adzukulu ake: chakudya chawo ndi kuvuta kwa khomo, ndipo khomolo litapepuka iwo angagone ndi njala.

Tsono mwana wa mlongo wanga ali mbali iti? Apa m'pomwe Lizulu amaleka kundithandiza. Pamsika pano wogula amagula ndi ndalama ya m'thumba mwake, amamasula thumba n'kupisa dzanja mpaka pansi kuti aone ngati sadamuikire timbatatesi ta mbewu. Mnyamata wa mafoni uja ndi wa konkuno, akanama lero mawa tikumana naye pachigayo. Ku Capital Hill zinthu zonsezi kulibe. Wosaina sagula ndi ndalama yake, pulogalamu ya kompyuta sungaipise dzanja, ndipo mwini ndalama weniweni, mayi wolipira VAT pa sopo ndi chiphaso cha pamsika, m'chipindamo mulibe. Wogulitsa akondwe, wosaina akondwe, mkhalapakati akondwe, malonda akhoza kukhalabe akuba. Chikondwerero cha onse okhala patebulo, chomwe pamsika chimakwanira kuyeretsa malonda, kumeneko sichitsimikiza kanthu.

Tidaziona mu 2013. Makina a IFMIS adabwera kuti ndalama za boma ziziyenda poyera, koma m'makina momwemo ndi momwe mudadutsa macheke opita ku makampani omwe sadapereke ngakhale pensulo, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Akadaulo owerengera ndalama a Baker Tilly atafufuza adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho. Mayiko otithandiza adaimika ndalama zothandizira bajeti, ndipo kusowa kwa mankhwala kudafika mpaka m'zipatala za kumudzi. Nkhani ya mapasipoti nayo idatigwera pakhomo. Boma lidasainirana ndi kampani ya Techno Brain mu 2019, mgwirizanowo n'kuthetsedwa mu Disembala 2021, ndipo kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima kwa masabata angapo. Sindikuweruza kuti wolakwa adali ndani. Ndikungonena kuti anyamata athu ofuna kupita ku Joni, omwe sadaonepo ngakhale tsamba limodzi la mgwirizanowo, ndiwo adagona pamizere.

Choncho ndikawerenga lamulo lokonda mnansi, ndimaona kuti mnansi wa mkhalapakati wa boma si bwana wa kampani yakunja, si mkulu wa zogulagula muunduna, koma munthu uja yemwe sadaitanidwe kumsonkhano. Ndipo vuto la mawu a Yohane m'masiku athu ano n'lakuti malire a zomwe uyenera kutenga palibe adakuikira. Umadziikira wekha, kuseri kwa mapepala.

N'chifukwa chake sindidam'funse mwanayo ngati amapereka ziphuphu. Akadakana, ndipo ndikadamukhulupirira. Ndidam'funsa zina. Kodi gawo lako pa tenda iliyonse ungalole kuti lilembedwe pachikwangwani pakhomo la undunawo? Makina akadzafa patatha zaka ziwiri, foni yako idzakhala ikulirabe? Ukaona kuti unduna ukufuna kugula chinthu chomwe sukuchisowa, udzawauza, ngakhale kuti komishoni yako ithera pomwepo? Pa funso lachiwiri adayankha msanga kuti inde. Pa lachitatu adati zitengera tsikulo. Pa loyamba adandiuza kuti mgwirizano womwe adasaina ndi kampani yakunjayo umamuletsa kuulula gawo lake kwa wina aliyense, ngakhale kwa amalume ake. Ndidamuuza kuti akauwerengenso, aone ngati chiletsocho chikuteteza kampaniyo kwa opikisana nayo kapena chikuiteteza kwa olipira msonkho.