Kodi Nyanja Nja Yani?

PANSI pa nyanja ya kumadzulo kwa Cape Town pangakhale mafuta ndi gasi. Pofunafuna chuma chimenechi, zombo zimaphulitsa mpweya m'madzi mwaphokoso usana ndi usiku. Mu 2022 asodzi ang'onoang'ono anasumira kampani ya Searcher, akumati sanafunsidwe, ndipo Khoti Lalikulu mu Cape Town linaimitsa ntchitoyo.

Kodi nchifukwa ninji kufunsako kuli nkhani ya chilungamo? Chifukwa chakuti kaŵirikaŵiri wopindula sindiye amene amavutika zinthu zitalakwika. Mu 2000 chombo chonyamula katundu chotchedwa Treasure chinamira pafupi ndi Robben Island, ndipo mafuta ake anaipitsa mbalame za penguin pafupifupi 19,000. Mbalamezo zinalipirira malonda amene sizinapindule nawo konse.

Zoonadi, anthu a ku South Africa afunikira ntchito ndi magetsi. Komabe, pamene kuli kwakuti msodzi angapite kukhoti, mbalame ndi ana osabadwa sangatero. Chotero, amene ali ndi mphamvu ya kulola kukumbako ali ndi thayo la kulankhulira awo amene alibe mawu.