Nkhokwe Yopumula ya ku Misuku

Padangokhala. Kumapiri a Misuku, kumunsi kwa nkhalango ya Mughese, kunali mudzi wa nyama. Zina zinkayankhula Chisukwa, zina Chindali, zina Chilambya, koma pabwalo zinkamvana. Zinkalima khofi m'mapiri, nthochi m'zigwa, ndipo mawere onse zinkathira m'nkhokwe imodzi. Mlonda wa nkhokweyo anali Nyani.

Koma m'mudzimo munali chipongwe. Kamba, amene msampha unamuthyola mwendo, ankamutcha Chopunduka. Mfuko ankamutcha Chikhungu. Kalulu wina anabadwa woyera mbee, ndipo ana akamuona ankakuwa, "Napweri! Napweri!" Atatuwa analeka kupita kubwalo.

Tsiku lina mfumu Njovu inaitanitsa msonkhano.

"Kuyambira lero aliyense aziitanidwa ndi dzina lake. Wonyoza mnzake alipira lichero la mawere."

Mwezi usanathe, Kamba anatulukira pabwalo. Kalulu anayamba kuphunzitsa ana kuwerenga. Mfuko anakhala pafupi ndi mfumu, khutu lili tcheru. Mudzi unakoma.

Nyani anaona zonsezi, nakanda pamutu. Iye ankapitapita kumisonkhano ku Boma la Chitipa, kumene kale kunkatchedwa Fort Hill, ndipo anatolako Chingerezi chosalala. Anaimirira, nawomba m'manja.

"Zikomo mfumu, lamulo lanu n'labwino, koma laperewera. Mawu akuti wakuba nawonso amalasa mtima. Tiziti wosamutsa katundu. Mawu akuti njala amaopseza ana. Tiziti kupepukidwa m'mimba. Nkhokwe ikatha, tisamati yatha. Tiziti ikupumula. Ophunzira amatero."

Onse anavomera. Ndani akanafuna kuoneka mbuli?

Usiku womwewo Nyani anasenza thumba, natsetsereka mpaka ku mtsinje wa Songwe, nawoloka, nakagulitsa mawere ku Tanzania. Mawa lake thumba. Mkuja wake thumba.

Gologolo anamupeza m'mamawa miyendo ili chinyowere.

"A Nyani, dzulo ndinakuonani mukuba..."

"Chipongwe! Lichero la mawere!"

"Pepani achimwene, ndimati mukusamutsa katundu."

"Eya, kuyankhula ndi kumeneko."

Gologolo analipira lichero lake, ndipo nalonso linawoloka Songwe.

Mvula inagwa, Januwale anafika. Maungu anali asanakhwime. Ana anayamba kugona osadya, nthiti zikuwerengeka. Mfumu inatuma Gwape ku Boma kukapempha thandizo kwa Mkango.

"Kwagwanji ku Misuku?" anafunsa Mkango.

Gwape anakumbukira lichero. Anameza malovu.

"Kulibe choipa, bwana. Nkhokwe ikupumula, katundu anasamutsidwa, ana apepukidwa m'mimba."

"Muli ndi mwayi! Anzanu a ku Nthalire ndi ku Kameme abwera akulira njala. Chimanga chipite kwa iwowo."

Gwape anabwerera chimanjamanja. Sabata lomwelo anaika ana awiri a Mbewa. Pamaliro onse anaweramitsa mitu, ndipo panalibe wotchula chimene chawapha.

Atachoka kumanda, bwalo linali zii. Kenaka Mfuko anakhosomola.

"Mfumu, ine sindiona, koma ndimamva. Usiku uliwonse mapazi amadutsa pamwamba pa una wanga, opepuka popita kunkhokwe, olemera pochokako. Ndi mapazi a Nyani. A Nyani aba mawere athu. Ana aja yawapha ndi njala."

Nyani analumpha.

"Mwamva nonse! Wandinyoza! Lamulo lomwe linamuteteza iyeyu linditetezenso ine!"

Kamba anasendera kutsogolo pang'onopang'ono, akukoka mwendo wake.

"A Nyani, mwendo uwu sindinausankhe. A Mfuko maso awo sanawasankhe. A Kalulu khungu lawo sanalisankhe. Koma inu thumba lija munalisenza nokha."

Mfumu inatuma anyamata kukasuzumira m'nkhokwe. Anapezamo mankhusu ndi akangaude. Nyani anathawira kumatanthwe, ndipo mpaka lero akagwidwa m'munda amangoti hoo, hoo. Mawu osalala aja anamuthera.

Gwape anabwereranso ku Boma, nanena poyera kuti kwagwa njala. Chimanga chinabwera, koma ana a Mbewa sichinawapeze.

Inu abale anga, nyama izi si zachilendo. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali mu 2012, ndipo lero timati anthu aulumali, anthu achialubino. Mayina onyoza aja tisawatolenso, pakuti amene anathamangitsidwa pabwalo ndi amene amadzapulumutsa mudzi. Koma kumbukiraninso 2002: chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndipo boma linalengeza za tsoka la njala mu Febuluwale, anthu atayamba kale kufa m'midzi. Tsono wina akaimirira pabwalo ndi mawu atsopano okoma, muziyamba mwafunsa: mawuwa akulemekeza ndani, nanga akubisa thumba la yani?

Nthano yathera pomwepa.