Madzi sawerenga chilolezo

Khonsolo ya mzinda uliwonse ili ndi miyezo yake ya zomangamanga: kukula kwa ngalande, kutalikirana kwa nyumba ndi mtsinje, kuchuluka kwa zitsulo mu konkire. Ndiye tsiku lina amabwera munthu ndi pulani ya hotelo, n'kunena kuti: “Mabwana, pa ngalande pokha tifewetsereni. Ntchitoyi ilemba anthu ambiri.” Khonsolo ikavomera, tinene kuti yachita chifundo kapena yapalamula?

Sindili m'gulu la amene amati lamulo ndi lamulo basi. Amene analemba miyezo sanaone puloti iliyonse. Pali malo opendekeka, pali misewu yakale yopapatiza, pali zipangizo zatsopano zimene buku la miyezo silikuzidziwa. Kukaniza sukulu ya mkaka kutsegula chifukwa malo oimika magalimoto aperewera, pamene makolo onse amabwera wapansi, ndi kuuma mutu chabe. Pamenepo kufewetsa ndi nzeru.

Koma miyezo siyofanana. Ina ndi yosunga dongosolo, ina ndi yosunga moyo. Kuti uzisiyanitse, funsa kuti: zikalakwika, adzalira ndani?

Taonani zimene zinachitika ku Turkey. Mu 2018, chisankho chili pafupi, boma linalola eni nyumba zomangidwa mosatsata malamulo kuti alipire ndalama n'kulandira chikalata chozivomereza. Nyumba mamiliyoni zinalembetsedwa choncho. Lamulolo linati nkhani yoti nyumba ipirire chivomezi ndi udindo wa mwini wake. Pa 6 February 2023 chivomezi chinagwedeza kumwera kwa dzikolo, ndipo anthu oposa 50,000 anafa. N'zoona kuti si nyumba iliyonse yogwa imene inapindula ndi chikhululuko chija. Koma taganizani za munthu wa lendi amene anagona m'nyumba yokhala ndi chikalata, osadziwa kuti chikalatacho sichinawonjezere chitsulo ngakhale chimodzi m'nsanamira. Mgwirizano unali wa boma ndi landilodi, iye sanafunsidwe.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ukakhululukira munthu ngongole yako, watayapo zako, ndipo ndi chifundo chenicheni. Koma injiniya wa khonsolo akalola kalavati yaing'ono, iye satayapo kanthu. Wapereka chitetezo cha anthu okhala kumunsi, amene pa zokambiranazo panalibe. Umakhala bwanji wowolowa manja ndi katundu wa eni?

Kwathu kuno kufewetsa kwambiri sikulembedwa n'komwe, kumangokhala kuyang'ana kumbali. Nyumba zinakwera phiri la Soche tonse tikuona, mpaka mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsera matope ndi miyala pa Chilobwe. Ambiri mwa anthuwo sanamange kumeneko mwamwano, anasowa malo otsika mtengo. Koma kuwalekerera kunali kosavuta kusiyana ndi kuwapezera mapuloti abwino, ndipo ulesi umenewo tinkautcha chisoni. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Sawerenganso chilolezo, ngakhale chikhale ndi chidindo chokongola bwanji.

Ndiye ine ndikuona kuti pempho lofewetsa liyenera kudutsa pa mafunso atatu. Kodi cholinga cha muyezowo chikukwaniritsidwabe mwa njira ina, monga kuchepetsa ngalande koma n'kukumba dziwe losunga madzi a mvula? Kodi chifukwa chake chalembedwa poyera, ndi dzina la wovomereza, kuti oyandikana nawo athe kutsutsa? Nanga mayi womanga kagolosale ku Ndirande atapempha zomwezo, angapatsidwe?

Funso lachitatuli ndi limene ambiri amagwa nalo. Kufewetsa kumene kumangofika kwa odziwana ndi mabwana kumauza mzinda wonse kuti lamulo ndi la osauka okha. Zikatero aliyense amayamba kusaka khomo lakumbuyo, ndipo muyezo umatsala m'buku mokha.

Ntchito tikuzifuna, ife amadigiri oyenda ndi maenvulopu m'tauni tikudziwa bwino. Koma wina akakuuzani kuti chitukuko chikuchedwa chifukwa cha ngalande, mufunseni kuti iyeyo amagona kumtunda kapena kumunsi.