Kodi Nchifuniro cha Mulungu?

Mnyamata wa zaka 14 akagwa m'bwalo la mpira kapena m'munda wa thonje ku Chitala, namwalira asanafike ku chipatala cha boma ku Salima, pamaliro pake pamveka mawu awiri. Ena anong'ona kuti walodzedwa, nayang'ana cham'mbali nkhalamba ina ya pamudzipo. Ena, odziyesa Akhristu okhwima, ati nchifuniro cha Mulungu. Mawu oyambawo Mpingo udawatsutsa kale, pakuti kunamizira munthu ufiti ndiko kulakwira lamulo lachisanu ndi chitatu. Koma achiwiriwo, ngakhale amveka opatulika, tiyeni abale tiwasinkhesinkhe.

Nthenda yotseka mitsempha ya mtima, imene igwetsa akuluakulu, sipezeka kawirikawiri mwa ana. Chimene chiwononga mitima ya ana ambiri kuno kwathu chiyamba ndi kanthu kopepuka: zilonda za pakhosi. Tizilombo tina ta pakhosi tikapanda kuphedwa ndi mankhwala, thupi polimbana nato lisokera, niliyamba kudzipweteka lokha. Patapita masabata awiri kapena atatu mwana atentha thupi, mfundo zake zitupa ndi kuwawa, ndipo mwakachetechete tizitseko ta mkati mwa mtima tichita zipsera. Zaka zipita. Tsiku lina mwana uja achita befu pokwera kachitunda, miyendo itupa, ife nkudabwa ngati nthenda yangofika dzulo. Madokotala amene adapima ana 1,450 m'boma la Lilongwe, nafalitsa zimene adapeza mu 2016, adaona zizindikiro zake mwa ana oposa 3 pa 100 alionse, ana ooneka abwinobwino.

Mankhwala ake ndi penisilini, amene Alexander Fleming adatulukira mu 1928, ndipo sadula. Mwana amene nthendayi idamgwira kale abayidwa jekeseni mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, kuti isabwerere.

Tsono Mulungu alola zambiri zimene sazifuna. Adalola kuti Kaini aphe Abele, koma adamfunsa za mbale wake. Zilipo imfa zimene palibe dokotala angaziletse, monga za ana ena obadwa ndi chilema chachikulu cha mtima. Pamenepo tigwada ndithu, tikhala chete. Koma kuika dzina la Mulungu pa imfa imene jekeseni ikadailetsa, kodi sikutchula dzinalo pachabe?

Sitinena izi kuti tisenzetse mlandu mayi wolira. Mayi amene wayenda mtunda wautali mwana ali kumsana, nakamva kuti mankhwala atha, wachita mbali yake. Funso la Kaini ligwera osunga mankhwala a boma, ligwera atsogoleri a maiko amene adagwirizana ku Geneva mu 2018 kuti alimbane ndi nthendayi. Ligweranso aphunzitsi ndi akatekisti athu, pakuti iwo aona msanga mwana wofooka, ndiponso bambo amene aona mwana wake akukankha mbale ya nsima chifukwa kumeza kukumuwawa, nangoti mawa adzakhala bwino.